Tinthu tating'onoti Mulungu amatiwerenga?

Mayi wa Ana Atatu: Abale ndi alongo, mundikhululukire ndalemba usiku chonchi, tulo sitikubwera. Apongozi anga aakazi anadwala sitiroko chaka chatha, mbali imodzi sigwira. Chiyambireni ndine ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda. Kwaya ndinasiya, kumapemphero a pakati pa sabata sindipitanso, ngakhale Lamulungu ndimapita mwa apo ndi apo. Lamulungu lapitali kunali maumboni. Wina anati analalikira anthu ambirimbiri n'kutembenuka mtima, wina anati anasala kudya masiku 21. Ine ndinakhala kumbuyo n'kumadzifunsa kuti nanga ine ndikaima kutsogoloko ndikanene chiyani, kuti ndachapa zofunda? Ndiuzeni zoona, osandinyengerera. Zimene ndikuchitazi Mulungu amaziwerenga ngati utumiki, kapena ndikutaya nthawi imene ndikanamutumikira?

Namwino wa Usiku: Amayi, ine ndili pantchito pano, ndiye ndayamba ndine kuona uthenga wanu. Za Baibulo ayankha akuluakulu kukacha, ine ndinene za ntchito yanga. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira, makamaka m'chiuno, kumunsi kwa msana ndi m'zidendene. Poyamba khungu limangosintha mtundu n'kumatentha, munthu n'kumati ndi kanthu kakang'ono. Pakapita masiku pamatseguka chilonda chimene chimatha kulowa mpaka kufupa, ndipo chikalowa tizilombo chimatha kupha. N'chifukwa chake timalangiza kutembenuza wodwala pafupifupi maola awiri alionse. Kuchipatala ntchito imeneyo timaigwira anthu angapo mosinthana, inu mukuigwira nokha. Musaitchenso kutaya nthawi ine ndikumva.

Mayi wa Ana Atatu: Chilonda alibe, anesi. Ndimatchera alamu pafoni. Koma zimenezo ndi za thupi, ine ndikufunsa za Mulungu.

Mkulu wa Mpingo: Mwadzuka bwanji nonse. Amayi, mwasiyanitsa za thupi ndi za Mulungu, ndiye tiyambire pomwepo. Tsegulani Mateyu 25 kuyambira ndime 31. Yesu pofotokoza za tsiku la chiweruzo akutchula zinthu zisanu ndi chimodzi: kudyetsa wanjala, kumwetsa waludzu, kulandira mlendo, kuveka wausiwa, kuzonda wodwala ndi kuyendera wam'ndende. Fufuzani bwino ngati mupezapo ulaliki kapena kusala kudya. Sindikunyoza zimenezo ayi, nanenso ndimalalikira. Koma mwa zisanu ndi chimodzizo inu mumakhala mutachita zinayi m'nyumba mwanu momwemo ena tisanadzuke.

Chimene chimandigwira mtima pandimeyi ndi kudabwa kwa olungamawo. Akufunsa kuti, Ambuye, tinakuonani liti muli ndi njala? Ndiye kuti iwo sankakumbukira n'komwe. Zinali zinthu zazing'ono moti sanazisunge pamtima, sakanaima nazo kutsogolo kuchitira umboni. Amene anazisunga ndi Mfumuyo.

Woimba Kwaya: Amayi, ine ndiye ndachita manyazi. Taimba limodzi zaka zonsezi, mwasowa miyezi yonseyi, ine osakuimbirani foni ngakhale kamodzi. Ndimangoti mwina mwatanganidwa. Pepani kwambiri.

Mnyamata Wofunsafunsa: Ndilankhulepo, ndipo musandilume. Amayiwa sindikuwatsutsa, ntchito yawo ndi yaikulu, kungoti ndi yobisika. Koma chiphunzitso cha tinthu tating'onochi chimandikayikitsa. Nthawi zina chimamveka ngati mawu opepesera anthu amene sanachite kanthu m'moyo. Komanso ndaona anthu osamala tinthu tating'ono mpaka kusanduka ankhanza. Kumpingo kumene ndinakulira kunali munthu wina amene ankayeza masiketi a atsikana ndi maso, n'kumawerenga amene afika mochedwa, koma antchito ake ankatha miyezi osalandira malipiro. Si zomwezo zimene Yesu anadzudzula pa Mateyu 23, zokuntha udzudzu n'kumeza ngamila?

Mphunzitsi wa Sande Sukulu: Achimwene, funso lanu ndi labwino, palibe akulumeni. Koma ndimeyo muiwerenge mpaka kumapeto. Afarisi ankapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira, katsabola ndi chitowe, n'kusiya chiweruzo cholungama, chifundo ndi chikhulupiriro. Yesu sanawauze kuti asiye kuwerenga timbewuto. Anati zikuluzikuluzo anayenera kuzichita, osasiya zinazo. Za udzudzu ndi ngamilazo, pa Levitiko 11 zonse ziwiri zili m'gulu la zodetsedwa. Munthu ankasefa chakumwa chake kuti asameze kachilombo kodetsedwa, ndiye Yesu akuti mwasefa kakang'onoko koma chinyama chonse chodetsedwa mwachimeza ndi linunda lomwe.

Tsono taonani munthu mwamutchulayo. Kulipira wantchito pa tsiku lake nakonso ndi kanthu kakang'ono. Deuteronomo 24:15 akuti umulipire dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pamenepo. Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwawo amafuula. Choncho munthu ameneyo sankasamala tinthu tating'ono ayi. Ankasankha tinthu tating'ono ta anthu ena, take n'kutisiya. Ine ana a m'kalasi mwanga ndimawafunsa kuti, kanthu kamene ukukakamirako kakuvutitsa iweyo kapena kakuvutitsa mnzako? Siketi ya mwana wa eni sikutengera kalikonse kuiyang'ana. Kudzuka usiku alamu ikalira kumakudya tulo tako.

Mnyamata Wofunsafunsa: Pamenepo mwandigwira, aphunzitsi. Koma lina lija silinayankhidwe.

Bambo Wabizinesi: Ndiyankhe ine limenelo. Si mawu opepesera ayi, ndi lamulo la kukwezedwa. Luka 16:10 akuti wokhulupirika m'chaching'ono alinso wokhulupirika m'chachikulu. Davide anayamba ndi nkhosa n'kufika pa ufumu. Yosefe anayang'anirapo akaidi anzake n'kudzalamulira Igupto. Ndipo amayi, chitsanzo chanu chenicheni ndi Rute. Anakakamira apongozi ake Naomi, n'kumakunkha balere m'munda wa Boazi, mapeto ake anabala Obedi, Obedi n'kubala Jese, Jese n'kubala Davide. Pirirani, pang'onopang'ono ndi mtolo. Kukwezedwa kwanu kuli pafupi, landirani!

Woimba Kwaya: Ameni!

Agogo Opuma Pantchito: Ameni ameneyo mumugwire kaye, mdzukulu wanga. Abambo abizinesi, ndimakulemekezani, koma apa sindikuvomerani. Inu mwawerenga amene anakwera, amene sanakwere mwawadumpha. Mayi wamasiye uja wa pa Marko 12, amene anaponya tindalama tiwiri mosungiramo zopereka, Baibulo silinena kuti pobwerera kunyumba anapeza chuma. Yesu anamuona, anaitana ophunzira ake n'kuwauza kuti waponya zoposa onse, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina lake silinalembedwe n'komwe. Mnyamata uja anapereka mikate isanu ya balere ndi tinsomba tiwiri pa Yohane 6, simumvanso za iye. Rute mwini wakeyo pochoka ku Mowabu sankadziwa za Boazi. Naomi anamuuza poyera kuti bwerera, kwa ine kulibenso chiyembekezo cha mwamuna, iye n'kukana kubwerera.

Ine mkazi wanga ndinamusamalira zaka zinayi asanatisiye. Sindinakwezedwe pa chilichonse, ndinangokalamba. Mukawauza amayiwa kuti akupirira kuti adzalandire chachikulu, nanga chachikulucho chikapanda kubwera adzati Mulungu anawanamiza? Ndipo apongoziwo mwawasandutsa makwerero. Munthu wodwala amadziwa ngati amene akumusambitsa akuona iyeyo kapena akuona mphoto.

Bambo Wabizinesi: Agogo, sindinanene kuti achite chifukwa cha mphoto. Koma fanizo la matalente likunena poyera kuti unali wokhulupirika pa zinthu zazing'ono, ndidzakukhazika pa zinthu zambiri. Mawu amenewo si anga.

Msungichuma: Popeza mwalowa m'manambala, ndilowepo ine. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi a munthu wogwira ntchito m'munda, onani Mateyu 20:2. Talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000, ndiye kuti malipiro a zaka pafupifupi 20. Kapolo amene analandira talente imodzi uja sanapatsidwe zochepa ayi. Ndipo uja wa matalente asanu, mbuye wake akuti unakhulupirika pa zazing'ono. Tindalama tiwiri ta mayi wamasiye tija, tonse pamodzi tinali gawo limodzi mwa magawo 64 a dinari. Ndiye taonani sikelo yake: malipiro a zaka zambirimbiri akutchedwa zazing'ono, tindalama tosakwana ngakhale malipiro a ola limodzi tikutchedwa zoposa zonse. Ine ndimagwira mabuku, koma masamu amenewa sindingawalembe m'buku lililonse. Komanso abambo, mphoto ya m'fanizolo muionenso. Kapoloyo anamuwonjezera ntchito, n'kumuuza kuti alowe m'chikondwerero cha mbuye wake.

Popeza ndatsegula pakamwa, ndiulule kanthu. Zaka zapitazo, ndili msungichuma kwina, tsiku lina ndinasowa yoyendera. Ndinatapa pang'ono m'chopereka, n'kunena kuti mawa ndibweza. Ndinabwezadi. Sabata ina ndinatapanso, ndinabweza patapita masiku atatu. Kachitatu sindinalembe paliponse. Pofika kumapeto kwa chaka sindinkadziwanso kuti ndatenga zingati, ndipo mtima sunkagundanso ngati tsiku loyamba lija. Chimene chinandiopsa n'chimenecho, kuti mtima unasiya kugunda. Ndinapita ndekha kukaulula kwa akulu, ndinabweza moonjezera, ndipo kuchokera pamenepo sindiwerenga chopereka ndili ndekha, pamakhala anthu awiri ndipo onse amasaina. Yohane 12:6 amati Yudasi ankasunga thumba la ndalama ndipo ankabamo. Ndalama 30 zasiliva zija sizinali zoyamba.

Mkulu wa Mpingo: Zikomo abambo chifukwa cha kulimba mtima. Si ambiri angalembe zimenezi pagulu.

Bambo Wabizinesi: Ndamva, agogo ndi asungichuma. Komabe ine ndimakhulupirira kuti Mulungu sakhala ndi ngongole ya munthu. Kaya abweza kuno kaya kumwamba, abweza.

Agogo Opuma Pantchito: Mukatero tagwirizana. Chikho cha madzi ozizira cha pa Mateyu 10:42 chili ndi mphoto yake, Yesu ananena yekha. Chimene ndimakana ndi kumuikira Mulungu tsiku ndi mtundu wa mphotoyo.

Wobwerera: Ine sindilembalemba pagulu pano, ndimangowerenga. Koma lero ndinene. Ndinasiya kupemphera zaka zitatu. Anthu ankaganiza kuti ndakhumudwa ndi chiphunzitso kapena ndalowerera. Ayi. Ndinagona m'chipatala masabata asanu, kumpingo kumene ndinkapita nthawi imeneyo palibe anabwera kapena kutumiza uthenga. Nditachira ndinapita Lamulungu, munthu woyamba kundilankhula anandikumbutsa kuti ndatsalira pa zopereka za chitukuko. Ndinakhala mpaka mapemphero kutha, ndinatuluka, sindinabwererenso. Mukandifunsa kuti chinakuchotsa n'chiyani ndimasowa chonena, chifukwa palibe anandilakwira chachikulu.

Chimene chinandibweza nachonso n'chochititsa manyazi kuchitchula. Mnzanga wa kuntchito anandikakamiza kupita naye kumpingo kwawo kamodzi. Pakhomo panali bambo wina wachikulire wolandira anthu, anandifunsa dzina. Ndinakhala mwezi wathunthu osapitako. Nditapitanso, bambo uja anandiitana ndi dzina langa, n'kufunsa ngati chifuwa chimene ndinali nacho tsiku lija chinatha. Ulaliki wa tsiku limenelo sindiukumbukira, ngakhale mutu wake.

Mlongo Wachikatolika: Nkhani ya achimwenewa yandikumbutsa Thérèse wa ku Lisieux, amene ife timamutchula kuti Tereza wa Mwana Yesu. Anabadwa mu 1873 ku France, analowa m'nyumba ya masisitere a Karimeli ali ndi zaka 15, n'kumwalira ndi TB mu 1897 ali ndi zaka 24 zokha. Sanamange sukulu, sanapite kukalalikira dziko lililonse, m'nyumbamo sanatulukemo. Iye ankati sangathe kuchita zazikulu za oyera ena, ndiye anasankha kanjira kakang'ono: kumwetulira sisitere amene samasangalala naye, kusadandaula, kuthandiza sisitere wokalamba wovuta kuyenda. Analemba yekha kuti pochapa zovala, sisitere mnzake ankamuthira madzi akuda kumaso mosadziwa, ndipo iye anadziletsa kubwerera m'mbuyo kapena kupukuta nkhope moonetsa kuipidwa. Mpingo unamulengeza kukhala woyera mu 1925, ndipo mu 1927 anamuika kukhala nkhoswe ya ntchito za umishoni pamodzi ndi Francis Xavier, munthu amene anayenda mpaka ku India ndi Japan. Wina anaoloka nyanja, wina anapirira madzi a sopo, mpingo n'kuwaika pampando umodzi. Amayi a ana atatu, zochapa zanuzo zili ndi mnzake.

Mnyamata Wofunsafunsa: Asisi, nkhaniyo ndi yokoma, koma ndi pomwe pali mantha anga. Aliyense akamangomwetulira ndi kupirira, nanga zinthu zokhota adzaziwongola ndani? Mneneri Amosi sanamwetulire. Pali nthawi imene kupirira madzi akuda kumangolimbikitsa wothirayo.

Mlongo Wachikatolika: Wothirayo sankadziwa, achimwene. Akanakhala wochita dala ndi nkhani ina.

Mkulu wa Mpingo: Mwana wanga, iwe ukuona ngati zazing'ono ndi chilungamo ndi misewu iwiri. Werenga Machitidwe 6. Mkangano woyamba mumpingo wa ku Yerusalemu sunali wa chiphunzitso. Unali wa kagawidwe ka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Okhulupirira olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akudumphidwa pogawa. Atumwi sananene kuti piriranitu, izi ndi za m'mimba. Anasonkhanitsa mpingo wonse, n'kusankhitsa amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, kuti aziyang'anira magome. Tamvera zoyenereza zimenezo, zonsezo n'zogawira chakudya. Ndipo ukaona mayina awo, onse asanu ndi awiri ndi a Chigiriki, kusonyeza kuti ntchitoyo anaipereka kumbali imene inadandaula. Mmodzi wa iwo ndi Stefano, amene anadzakhala woyamba kuphedwa chifukwa cha Khristu. Kukondera kumaonekera pa mbale ya mayi wamasiye kusanafike kubwalo la milandu. Amosi amene wamutchulayo, werenga mutu 8, akukalipira amalonda ochepetsa muyeso ndi onyenga ndi sikelo. Nazonso ndi tinthu tating'ono, kubera munthu pang'ono pokha pa muyeso uliwonse.

Mnyamata Wofunsafunsa: Chabwino abambo, ndiye kuti nane ndikamadandaula za kagawidwe ka zinthu musamati ndine wovuta kkkk.

Mkulu wa Mpingo: Udandaule, koma ukonzeke kusankhidwa m'gulu la asanu ndi awiriwo.

Bambo Wabizinesi: Ine za m'banja ndiye ndavomereza popanda mtsutso. Mayi akunyumba sanandikwiyirepo pa nkhani yaikulu. Koma kungolowa m'nyumba ndikulankhula pafoni osawapatsa moni, tsiku lonse lawonongeka. Ankhandwe aang'ono owononga minda ya mpesa aja a pa Nyimbo ya Solomo 2:15, wanga ndi foniyi.

Woimba Kwaya: Kkkk abambo, ndiye muiike pansi, mwakhala pagulu pano kuyambira m'mawa.

Woyang'anira Gulu: Abale, pakati pa zokambirana zabwinozi wina watumiza uthenga uja wakuti tumizani kwa anthu 10 kuti mudalitsidwe. Ndauchotsa. Tisasokoneze, mwini funso sanabwerenso.

Mayi wa Ana Atatu: Ndilipo, ndimawerenga zonse, kungoti manja anali m'madzi. Zikomo nonse. Koma mwandiyamikira kwambiri moti ndikuona ngati ndakunamizani. Ndinene zimene sindinanene usiku uja. Apongozi angawa sanandikondepo chikwatiwire. Ali bwino ankandinena kwa abale awo kuti ndine waulesi. Lero ndine ndikuwachotsa zoipa. Masiku ena ndimawasambitsa ndili ndi mkwiyo, mano ali gwa. Sabata yatha anataya chakudya dala, ine ndinawakalipira, iwo n'kulira, pakuti kulankhula bwinobwino sangathe. Ndinatuluka panja nanenso n'kukalira. Ndiye za Tereza womwetulirayo si ine ayi. Funso langa lenileni mwina ndi ili: kanthu kakang'ono kochitidwa ndi mtima wowawa, Mulungu amakalandira?

Mphunzitsi wa Sande Sukulu: Amayi, pa Mateyu 21:28 pali bambo wa ana awiri. Anauza woyamba kuti kagwire ntchito m'munda wa mpesa, iye anati sindifuna, koma pambuyo pake anasintha maganizo n'kupita. Wachiwiri anati ndipita, osapita. Yesu anafunsa kuti anachita chifuniro cha atate wake ndi uti. Inu mtima umati sindifuna, miyendo n'kupita, usiku uliwonse. Kukalipako kunali kulakwa, ndipo mukudziwa kale, n'chifukwa chake munalira. Mukawapepese, ngakhale sangayankhe bwino, amamva. Koma musatenge tsiku limodzi lokalipa n'kufufutira chaka chonse.

Agogo Opuma Pantchito: Mwana wanga, nanenso ndinakalipapo, ndipo amene ndinkamukalipirayo ndi munthu amene ndinamukonda moyo wanga wonse. Nanji inu amene mukusamalira munthu amene anakunyozani. Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake Yudasi ali pomwepo, akudziwa zimene zili mumtima mwake. Chikondi cha pamenepo chinali m'beseni ndi m'chopukutira. Koma ndili ndi funso limene aliyense akulizemba. Mwana wawo wa mayiwa, amuna anu, ali kuti? Nanga ana awo ena?

Mayi wa Ana Atatu: Bambo amachoka m'mamawa kubwera usiku, amati atopa. Amagula mankhwala ndi zonse zofunika, pamenepo sindingawanamizire. Koma kuchipinda kwa mayi awo amangosuzumira pakhomo n'kufunsa kuti mwaswera bwanji. Alamu anga amabwera mwezi ukatha, amakhala ola limodzi, n'kundiuza kuti mayi aonda.

Namwino wa Usiku: Ndadzuka tsopano, ndawerenga zonse. Amayi, munthu amene wakhala chaka akudzuka maola awiri alionse sangakhale wofatsa, ngakhale atakhala woyera mtima chotani. Kusagona kumafupikitsa mtima, ndi mmene thupi lilili. Ife timagwira usiku koma timakhala ndi masiku opuma. Mkwiyo wanuwo mbali ina ndi tulo chabe. Komanso za kutaya chakudyazo, musafulumire kunena kuti ndi dala. Odwala sitiroko ambiri amavutika kumeza, ena dzanja silimvera, ena amakhumudwa kwambiri mumtima chifukwa cha matendawo. Muziwakhazika tsonga podya, muziwapatsa pang'onopang'ono, ndipo ngati amatsamwa kapena kukhosomola pomeza mukawauze achipatala msanga, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

Mkulu wa Mpingo: Apa ndiye tadzudzulidwa tonse, kuyambira ine. Tinali okonzeka kuwapatsa amayiwa mavesi okoma kuti abwerere kukasenza okha katundu yemweyo. Yakobo 2:16 amanena za munthu wouza mnzake wausiwa ndi wanjala kuti pita mumtendere, ukafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Ngati tikuti tinthu tating'ono ndi ta mtengo wapatali, bwanji tonse tatisiyira munthu mmodzi? Pa Eksodo 17 manja a Mose atalema, Aroni ndi Huri sanamulalikire za kupirira. Anatenga mwala n'kumukhazikapo, wina anagwira dzanja ili wina linalo mpaka dzuwa kulowa.

Amuna anu ndilankhula nawo ine, mwaulemu, osati pagulu pano. Bambo angathe kudzuka kamodzi usiku kutembenuza mayi ake omubala. Mwina amaopa kuwaona ali choncho, amuna ambiri timabisa mantha m'mawu akuti ndatopa. Koma mundilole kaye inuyo, sindifuna kukuyambitsirani nkhani m'nyumba.

Mayi wa Ana Atatu: Ndiyambe ndalankhula nawo ndekha, abambo. Zikakanika ndikuuzani.

Wobwerera: Ine ntchito ya kusambitsa sindingaithe, koma ndili ndi galimoto. Tsiku lopita nawo kuchipatala mundiuze.

Woimba Kwaya: Ine Loweruka ndibwera m'mawa, ndichape zofunda zonse, inu mukagone. Osati kugona kwa khutu limodzi lili kuchipinda, kugona kwenikweni. Ndibwera ndi anzanga awiri a kwaya, tikamaliza tiwaimbire agogowo nyimbo ziwiri ngati angakonde.

Namwino wa Usiku: Mukapita ndiuzeni nthawi, ndidzakuonetseni katembenuzidwe kake. Simukoka dzanja lofookalo, phewa limatha kuguluka. Mumapinda bondo, dzanja lina paphewa lina m'chiuno, n'kuika pilo pakati pa mawondo ndi kumsana. Zofunda zisakhale ndi makwinya pansi pawo.

Mnyamata Wofunsafunsa: Popeza akulu anena kuti wodandaula asankhidwe, ine ndilemba mndandanda wa amene azipita Lamulungu lililonse kukakhala ndi agogowo kuti amayiwa azipita kutchalitchi. Ndayamba ndi dzina langa, ngakhale sindikudziwa kuti ndikakamba nawo chiyani maola atatu. Amene mukufuna lembani kumbali, musadzaze gulu.

Bambo Wabizinesi: Ndilembeni Lamulungu lachiwiri, ine ndi mayi akunyumba. Foni ndikaisiya m'galimoto.

Mayi wa Ana Atatu: Ndasowa chonena, abale. Achimwene, musavutike ndi zokamba, amakonda kuwerengeredwa Masalimo, makamaka 121, ndipo mukalakwitsa mawu amakugwirani dzanja. Achemwali a kwaya, Loweruka mukafika musagogode mwamphamvu, amadzidzimuka. Mukalowa muziima mbali ya kumanja, kumanzereko saona bwino. Ndipo muyambe mwawapatsa moni iwowo musanandipatse ine, anthu ambiri amalowa n'kumandifunsa ine kuti ali bwanji iwo ali pomwepo akumva. Ndathawa kaye, alamu yalira.